Kufufuza chimene chayatsa nyali pa dashibodi ya Toyota yakale ndi zida zopanga nokha

Nyali ya CHECK ikayaka pa Corolla, Carina kapena Sprinter yakale, ambiri amathamangira kukagula sensa chifukwa wina pa galaja wangonena kuti "imeneyo ndi sensa basi". Ndalama zapita, nyali ili chiyakire. Ena amangomata katepi kakuda pamwamba pake n'kumayenda, mpaka tsiku lomwe galimoto idzawazimire pa mtunda. Chonsecho galimotozi zimanena zokha pamene pavuta, ndipo kuti muzimve mukungofunika kawaya kotalika ngati chala ndi babu limodzi.

Malangizowa ndi a Toyota za petulo za m'ma 1990, monga Corolla AE100 ndi AE110 za injini ya 5A-FE, komanso AE101 ndi AE111 za injini ya 4A-FE, zomwe zidakali mbwee m'misewu mwathu. Nissan, Honda ndi Mazda zili ndi njira zawozawo zowerengera makhodi (manambala omwe kompyuta ya galimoto imasunga posonyeza vuto), choncho musalumikize mawaya pa galimoto zimenezo motengera zomwe zalembedwa pano. Zigawo za fyuzi, batire, oyilo ndi mabuleki zokha ndizo zimagwira pafupifupi pa galimoto iliyonse yakale.

Gwirani mfundo iyi musanayambe: nyali kapena khodi imaloza njira yonse ya magetsi, kuyambira pa fyuzi, waya, soketi mpaka pa sensa. Pa galimoto ya zaka zoposa 20, chimene chimayamba kufa kawirikawiri ndi waya wouma kapena soketi ya dzimbiri. Sensa iyesedwe pomaliza.

## Zofunika

- Babu la 12V 5W, la nyali zing'onozing'ono zam'mbali, ndi soketi yake ngati ilipo
- Babu la 12V 21W, la indiketa
- LED imodzi ndi resistor ya 1 kilo-ohm, zopezeka kwa okonza mawailesi
- Waya wofewa wa kopa, mamita 4
- Timapanilo ta mano togwirira waya, tinayi
- Misomali iwiri ya mainchesi 3 kapena masipoko a njinga
- Zikopa ziwiri za mabolopeni akutha
- Kachitsulo kopanira mapepala, kapena kawaya kolimba ka masentimita 8
- Fyuzi ya 5A ndi kosungira kake
- Tepi yakuda ya magetsi, sandipepala wosalala, sipanala ya 10 ndi ya 12
- Pepala ndi cholembera
- Mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa. Mukhoza kubwereka. Mbali zina za ntchitoyi sizitheka popanda iyo.

## Kupanga zida

Tesita ya babu. Nolani nsonga ya msomali, muulowetse m'chikopa cha bolopeni kuti nsongayo itulukire kunja masentimita awiri. Waya umodzi wa babu la 5W mangirirani kumutu kwa msomali. Waya winawo uwonjezereni ufike mita imodzi ndi theka, kumapeto kwake muike kapanilo. Kulungani tepi paliponse pooneka kopa. Ngati mungathe kuwotcherera ndi sodala, teroni, chifukwa mfundo yongopota imamasuka n'kukunamizani kuti magetsi palibe.

Tesita ya LED. Pangani chimodzimodzi, koma mwendo wautali wa LED upite ku msomali kudzera pa resistor, waufupi upite ku kapanilo. Babu la 5W limakoka pafupifupi 0.4A, pomwe LED iyi imakoka pafupifupi 0.01A. Waya uliwonse wopita ku kompyuta ya injini kapena ku sensa muziugwira ndi ya LED yokha.

Waya wolumphira. Dulani waya wa theka la mita, pakati muike fyuzi ya 5A, uku ndi uku timapanilo. Mukalakwitsa polumikiza, ipse fyuziyo, mawaya a galimoto apulumuke.

Nthawi zonse musanayambe kuyeza, panani kapanilo pa theminolo ya − ya batire, nsonga mugwiritse pa +. Tesita ikayaka, pitirizani.

## Choyamba: onani ngati nyali zonse zili moyo

1. Tembenuzani kiyi ifike pa ON, injini osailiza.
2. Werengani nyali zomwe zayaka: CHECK, ya batire, ya oyilo, ya mabuleki, ndi ABS komanso ya airbag ngati galimoto ili nazo.
3. Lizani injini. Zonse zizime, kupatula ya mabuleki ngati handibuleki ili m'mwamba.

Nyali yomwe sinayake pa ON ili ndi vuto lake: babu lapsa, kapena wogulitsa galimoto analichotsa dala kuti abise matenda. Pa galimoto yongogula kumene, nyali ya CHECK yosayaka pa ON ndi yokayikitsa kuposa yoyaka. Popanda babu limenelo simungawerenge khodi, ndiye yambani mwatsegula dashibodi.

Nyali ya oyilo ikayaka injini ikulira, kapena muvi wa kutentha ukalowa pofiira, zimitsani pompo. Ya CHECK imalola kufika kunyumba bola injini ikumveka bwino.

## Mafyuzi

Musawazule limodzi ndi limodzi n'kumawayang'ana padzuwa. Pamsana pa fyuzi iliyonse pali timaso tiwiri ta chitsulo. Kiyi ili pa ON, kapanilo ka tesita kali pa chitsulo choyera cha bodi, gwirani kaso aka kenako ako. Kuyaka mbali zonse, fyuzi ili bwino. Kuyaka mbali imodzi, yapsa. Kusayaka konse, magetsi sakufika, mwina chifukwa chinthu chakecho n'chozimitsa, monga nyali zakutsogolo. Yang'anani makamaka zolembedwa EFI, IGN, GAUGE ndi ALT-S. Mabokosi alipo awiri, lina mu boneti, lina pansi pa dashibodi kumbali ya dalaivala.

Fyuzi yatsopano ikhale ya mphamvu yomweyo: yofiira ndi 10A, ya buluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Ikapsanso nthawi yomweyo, pali shoti. Apa ndi pomwe babu la 21W limagwira ntchito. Lilumikizeni m'mabowo awiri a fyuziyo m'malo mwa fyuzi, zida zonse za njirayo zili zozimitsa. Likawala kwambiri, waya wina ukukhudza bodi. Gwedezani mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, makamaka pomwe ukudutsa pa chitsulo kapena pomwe munthu anaikapo wailesi ndi alamu. Pamene babu lazilala kapena kuzima, shoti ili pomwepo.

## Kuwerenga makhodi a nyali ya CHECK

1. Onetsetsani kuti batire lili pamwamba pa 11V. Batire lofooka limasokoneza kuwerenga.
2. Zimitsani kiyi, AC ndi zonse zamagetsi. Giya ikhale pa nyutulo, kapena pa P ngati ndi otomatiki. Phazi lichoke pa akisileta.
3. Tsegulani boneti, mufune kabokosi kakang'ono ka pulasitiki kolembedwa DIAGNOSIS. Kamakhala m'mbali mwa injini, nthawi zambiri pafupi ndi mutu wa shoko kapena bokosi la mafyuzi.
4. Tsegulani kachivundikiro kake. Mkati mwa chivundikirocho muli chithunzi cha mabowo onse ndi mayina ake. Pezani TE1 ndi E1. Chenjezo: chithunzicho mumachiona chivundikiro chili chotsegula, ndiye n'kosavuta kusokoneza kumanja ndi kumanzere. Fananizani ndi mabowo opanda chitsulo kuti mutsimikize. Mafuta oyera omwe ali m'mabowomo musawapukute, amateteza dzimbiri.
5. M'bokosi lomwelo muli +B, bowo la magetsi. Lipezeni ndi tesita kiyi ili pa ON, mulidziwe, kenako muzimitse kiyi. Kawaya kanu kasalikhudze.
6. Pindani kachitsulo kopanira mapepala ngati U, mulowetse mwendo wina mu TE1, wina mu E1.
7. Ikani kiyi pa ON, injini osailiza, maso pa nyali ya CHECK.

Ikamaphethira mofulumira mosalekeza, pafupifupi kawiri pa sekondi, kompyuta sinasunge vuto lililonse. Ngati vuto lilipo, iphethira modekha ndi kupumira. Khodi iliyonse ili ndi manambala awiri. Mwachitsanzo khodi 22 imabwera motere: phethi, phethi, kupuma sekondi imodzi ndi theka, phethi, phethi. Ngati pali khodi ina, ipuma masekondi awiri ndi theka n'kuyamba yotsatirayo. Ikamaliza onse ipuma masekondi anayi ndi theka n'kubwereza kuyambira pa khodi yaing'ono.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasochera. Amayamba kuwerengera pakati, 21 ndi 31 n'kukhala 13 ndi 12. Dikirani kupuma kwakutali kuja, mulembe timizere papepala, ndipo muisiye ibwereze katatu musanakhulupirire zomwe mwalemba.

### Ngati galimoto ili ndi soketi ya mabowo 16

Toyota za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kupita mtsogolo zili ndi soketi pansi pa chiwongolero, ya mizere iwiri ya mabowo 8. Zambiri zochokera ku Japan za nthawi imeneyo sizilankhula ndi timakina totchipa tolumikiza ku foni, koma kawaya zimakamva. Lumikizani bowo 13 ndi bowo 4.

Kuwerenga mabowo kumavuta chifukwa soketiyi nthawi zina imaikidwa chadodolido. Chitani izi: ndi tesita ya LED, fufuzani bowo lapakona pa mzere wa kumbali yaifupi ya soketi lomwe lili ndi magetsi ngakhale kiyi itazima. Limenelo ndi 16. Bwererani mumzere womwewo: 15, 14, 13. Pa mzere wa kumbali yaitali, bowo loyang'anana ndi 16 ndi 8, ndiye bwererani: 7, 6, 5, 4. Kawaya kakakhudza 16 ndi 4 pamodzi, mwapanga shoti, choncho pano gwiritsani waya wa fyuzi uja, timapanilo titagwira tizitsulo tiwiri topyapyala. Kiyi ikafika pa ON, nyali zingapo ziyamba kuphethira limodzi, iliyonse ikunena makhodi ake. Werengani imodzi, zinazo muziphimbe ndi chala.

### Tanthauzo la makhodi ndi poyambira

- 12 ndi 13: kompyuta sikumva kuti injini ikuzungulira. Yambani ndi soketi ya pa distributor, chida chogawa moto ku mapulagi.
- 14: chizindikiro cha moto wa mapulagi sichikubwerera. Soketi ya distributor, igniter kapena koyilo.
- 21: sensa ya okosijeni pa ekizozi. Waya wake umakonda kupsa ukagona pa paipi yotentha.
- 22: sensa ya kutentha kwa madzi.
- 24: sensa ya kutentha kwa mpweya wolowa. Nthawi zambiri wina anatsuka fyuluta ya mpweya n'kuiwala kubwezera soketi.
- 25: petulo akuchepa mu msakanizo. 26: akuchuluka.
- 31: sensa ya vakyumu, kapena yoyeza mpweya pa injini zomwe zili nayo.
- 41: sensa ya pa throttle, kachitseko ka mpweya komwe akisileta amatsegula.
- 42: chizindikiro cha liwiro. Ngati muvi wa sipidi sukuyenda, yambani ndi kebulo kapena sensa yake.
- 43: chizindikiro cha sitata.
- 51: AC ndi yoyatsa, akisileta sanabwerere, kapena giya sili pa P. Konzani zimenezo muwerengenso.
- 52: sensa yomva kugogoda kwa injini.

Khodi 25 siitanthauza sensa yakufa ayi. Funani kapaipi ka labala kong'ambika kozungulira manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), fyuluta ya petulo yotsekeka, kapena pampu yofooka.

### Khodi 22 mwatsatanetsatane

Pafupi ndi pomwe paipi ya madzi imalumikizana ndi injini pali masensa oposa imodzi. Ya waya umodzi ndi ya muvi wa pa dashibodi, siikukhudzana ndi khodiyi. Ya kompyuta ili ndi mawaya awiri.

1. Injini itazizira, kiyi itazima, zulani soketi. Mukaona zobiriwira m'kati, palani ndi kasandipepala kopinda, mubwezere.
2. Kokani waya uliwonse pang'ono pomwe ukulowa mu soketi. Waya woduka m'kati umatanuka ngati labala.
3. Ikani mita pa ohm, mugwire timiyendo tiwiri ta sensa. Pa madigiri 20 iwerenge pakati pa 2,000 ndi 3,000. Pa madigiri 80, injini itatentha, itsike kufika pakati pa 200 ndi 400. Nambala yosasuntha, ziro, kapena mita yosawerenga kanthu, sensa yafa.
4. Ngati sensa ili bwino, ikani kiyi pa ON, muyeze pakati pa mabowo awiri a soketi. Payenera kupezeka pafupifupi 5V. Ngati palibe, waya waduka panjira yopita ku kompyuta.

Kompyuta ikataya sensa iyi imangoyesa kuti injini ndi yotentha kale, n'chifukwa chake galimoto imavuta kulira m'mawa wa mu June koma masana n'kumalira bwinobwino. Palinso vuto lina lobisika: soketi ya dzimbiri imakweza ma ohm, kompyuta n'kumaona ngati injini idakali yozizira. Khodi siibwera, koma petulo amatha msanga ndipo mapulagi amada bii.

Khodi 31 imayesedwa mofananamo. Pa 5A-FE sensayo ili pakhoma la kumbuyo kwa injini, ndi mawaya atatu ndi kapaipi kochokera ku manifold. Waya umodzi ukhale ndi pafupifupi 5V kiyi ili pa ON, ndipo kapaipiko kakhale kosang'ambika, kosatsekeka.

### Kufufuta khodi

Chotsani kawaya kanu, muzimitse kiyi, muzule fyuzi ya EFI kwa masekondi osachepera 10, ndipo kukamazizira onjezerani nthawi. Bwezerani, yendetsani galimoto mpaka itenthe bwino, muwerengenso. Khodi yomwe yabwerera ndiyo vuto la lero. Yomwe sinabwerere mwina inasungidwa kale pomwe makaniko anazula soketi kiyi ili pa ON. Kuchotsa theminolo ya batire kumafufutanso, koma wotchi ndi masiteshoni osungidwa mu wailesi zimapita nawo.

## Nyali ya batire

Nyaliyi ikunena kuti alternator, chida chopanga magetsi injini ikamalira, sikutchaja batire. Kugula batire latsopano sikuizimitsa.

1. Injini itazima, kanikizani lamba ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri. Alowe pafupifupi sentimita imodzi. Pa 4A-FE ndi 5A-FE lamba yemweyu amazunguzanso pampu ya madzi, ndiye akaduka musayende, injini iwira.
2. Yezani batire. Lodzaza limakhala pa 12.4V mpaka 12.6V injini itazima. Injini ikulira, pakhale pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Mukapeza 12V kapena kutsika, sikutchaja. Kupitirira 15V, regulator (chowongolera magetsi cha mu alternator) yafa ndipo batire liphikika.
3. Zimitsani injini. Gwirani nati yaikulu ya kumbuyo kwa alternator ndi tesita ya babu. Iyake nthawi zonse. Ikapanda kuyaka, fyuzi yaikulu ya ALT mu boneti yapsa, zomwe zimachitika wina akasemphanitsa mawaya pojampa.
4. Zulani soketi ya mabowo atatu. Bowo la S liyatse tesita ngakhale kiyi itazima. La IG liyatse kiyi ili pa ON. S ikafa, onani fyuzi ya ALT-S.
5. Zonsezi zikakhala bwino, vuto lili m'kati mwa alternator. Nyali yomayaka n'kuzima, makamaka pa mabampu, kawirikawiri ndi mabulashi otha. Amasinthidwa paokha pochotsa chivundikiro chakumbuyo, batire litachotsedwa theminolo ya −.

Pa Toyota zambiri nyali ya batire ikayaka imakokanso ya mabuleki, ndipo pa Hilux ya dizilo ngakhale ya fyuluta ya mafuta. Nyali zikayaka gulu chonchi nthawi imodzi, yambani ndi alternator. Nyali zongoti zii pang'ono, kapena zosintha mukayatsa nyali zazikulu, zikuloza ethi yoipa, ndiko kuti waya wolumikiza − ya batire ndi bodi kapena injini sukugwira bwino. Tengani chingwe chojampira, mulumikize − ya batire ndi chitsulo cha injini. Zikasintha, masulani waya wa ethi, mupale mpaka chitsulo chiwale.

## Nyali ya oyilo

1. Zimitsani injini, dikirani mphindi zisanu, muone oyilo pa kandodo koyezera galimoto ili poyalana.
2. Ngati oyilo alimo, pezani swichi ya oyilo pa buloko, ya waya umodzi, nthawi zambiri pafupi ndi fyuluta ya oyilo.
3. Zulani wayawo, muike kiyi pa ON. Nyali izime. Ikakhalabe yoyaka, wayawo wasupuka penapake ndipo ukukhudza injini. Vuto ndi limenelo.
4. Gwiritsani wayawo pa chitsulo cha injini. Nyali iyake. Apa mwatsimikiza kuti waya ndi babu zili bwino.
5. Yang'anani swichiyo. Ikamatuluka oyilo pa pulasitiki wake, yatha.

Tesita imathera pamenepa. Singasiyanitse swichi yonama ndi injini yomwe ilibedi mphamvu ya oyilo. Chosiyanitsa ndi geji yomangirira pa bowo la swichiyo. Pa 4A-FE yotentha, pa aidulo pasachepere 0.3 kgf/cm², ndipo pa 3,000 rpm pakhale pakati pa 2.5 ndi 5.0. Nyali yophethira pa aidulo injini ikatentha, n'kuzima mukaponda moto, imaloza mabeyaringi otha, sefa ya mu sampu yotsekeka ndi matope a oyilo, kapena oyilo wopyapyala. Ngati injini ikugogoda, musailizenso, ikokedwe.

## Nyali ya mabuleki

Tsitsani handibuleki mpaka pansi, muone mafuta a mabuleki m'kabotolo. Akatsika pang'onopang'ono, mapadi atha. Akatsika msanga, akudontha penapake, ndipo galimoto isayende. Mafuta ali odzaza koma nyali ili chiyakire, zulani soketi ya pa kabotolo. Ikazima, choyandama cha m'kati chakakamira. Ikapanda kuzima, pitani ku kaswichi ka pansi pa handibuleki.

## Zolakwika zofala

Kuchotsa theminolo ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Zinkatheka pa galimoto za kabureta zopanda kompyuta. Pa galimoto ya kompyuta (EFI) magetsi amalumpha n'kuotcha kompyuta kapena regulator.

Kugwira mawaya achikasu a airbag ndi tesita kapena mita. Magetsi ochepa amatha kuphulitsa chikwamacho. Khodi yake werengani, koma mawaya ndi masoketi achikasu asiyireni wodziwa.

Kuiwala kawaya mu TE1 ndi E1. Kakatsalira, kompyuta imasiya kusintha taimingi monga mwa nthawi zonse, galimoto imalemera, nyali n'kumangophethira panjira.

Kufufuta musanalembe. Vuto lobwera mwa apo ndi apo limatha kutenga masabata kuti libwerere.

Kuboola chikopa cha waya ndi nsonga ya tesita. Pakabowopo pamalowa madzi nyengo ya dzinja, waya n'kuola m'kati. Lowetsani kasingano kumbuyo kwa soketi, m'mbali mwa waya.

Kukankha kawaya konenepa m'bowo la soketi. Kachitsulo ka m'kati kamatanuka, soketi n'kusiya kugwira, mwadzipangira vuto latsopano.

Kumanga kawaya kapena pepala lonyezimira la ndudu m'malo mwa fyuzi. Shoti ikadalipo, chotsatira kupsa ndi mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi.

Kupana kapanilo pa bawuti ya penti kapena ya dzimbiri. Tesita siyaka, inu n'kuyamba kusaka waya woduka yemwe kulibe. Mukakayika, panani pa − ya batire penipeni, muwonjezere waya ngati sukufika.